Zitsime za ku Plachimada: mudzi umene unatseketsa fakitale ya Coca-Cola

Pa 22 Epulo 2002, anthu a m'mudzi wa Plachimada, m'chigawo cha Kerala kumwera kwa dziko la India, anamanga chisakasa moyang'anizana ndi chipata cha fakitale ya Coca-Cola, n'kukhala pansi. Ambiri anali amayi aganyu a m'minda ya mpunga, anthu amene maina awo anali asanamvekepo kunja kwa mudzi wawo. Dandaulo lawo linali limodzi. Chiyambire fakitaleyo kupopa madzi a pansi pa nthaka, zitsime zawo zinkaphwa, ndipo madzi ochepa otsalamo anali osamweka. M'bindikiro umene unayamba tsikulo sunathe pa sabata kapena pa mwezi. Unapitirira usana ndi usiku kwa zaka, ndipo zisanakwane zaka ziwiri, makina a fakitaleyo anazima.

Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati ya anthu osauka amene anagonjetsa kampani yaikulu ya ku America. N'zoona ndithu, koma sikuti yathera pomwepo. Pakati pa amayiwo ndi kampaniyo panali khonsolo yaing'ono ya kumudzi, yotchedwa Perumatty, imene chida chake chinali chimodzi chokha, chiphaso cholola fakitale kugwira ntchito. Ndi chiphaso chimenechi khonsoloyo inakokera boma la chigawo, mabwalo a milandu ndi akatswiri a sayansi ku funso limene malamulo a India anali atalizemba kwa zaka zoposa zana: kodi madzi ali pansi pa mudzi ndi a yani, nanga ndani ali ndi mphamvu yonena kuti apa pakwana?

Anthu ambiri akamva za Kerala amaganiza za mvula yosakata, mitsinje ndi nkhalango za kokonati. Plachimada ili kumbali ina. Mudziwu uli m'dera la Chittur, m'boma la Palakkad, kufupi ndi malire a chigawo cha Tamil Nadu, kumene mvula imagwa yochepa poyerekeza ndi madera a kunyanja. Palakkad ndi nkhokwe ya mpunga ya Kerala yonse, koma ulimi wa kumeneko umadalira madamu, ngalande zothirira ndi zitsime. Mvula ikavuta chaka chimodzi, anthu amazindikira msanga poyang'ana kutalika kwa chingwe chimene akutungira madzi.

Oyandikana kwambiri ndi malo amene fakitale inamangidwa anali a mafuko a Eravalar ndi Malasar, amene ali m'gulu la eni nthaka oyambirira a India otchedwa Adivasi, pamodzi ndi mabanja a anthu a Dalit, amene kwa zaka mazanamazana akhala akuikidwa pansi pa aliyense pa chikhalidwe cha kumeneko. Ambiri analibe minda yawoyawo. Ankakhala m'timidzi tothithikana, pa timalo tongokwana nyumba ndi kabwalo, ndipo ankadya za ganyu. Chuma chawo chodalirika chinali chitsime cha pakhomo kapena cha onse, chokumbidwa pamanja.

Coca-Cola inali itachokamo m'dziko la India mu 1977, boma la nthawiyo litaumitsa malamulo okhudza makampani akunja, ndipo inabwereranso mu 1993 pamene dzikolo linatsegula misika yake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nthambi yake yotchedwa Hindustan Coca-Cola Beverages inagula maekala pafupifupi 34 ku Plachimada, ambiri mwa iwo minda ya mpunga. Boma la Kerala, limene panthawiyo linkatsogoleredwa ndi zipani za chikomyunizimu pansi pa a E. K. Nayanar, linailandira ndi manja awiri, pakuti chigawocho chinkasowa mafakitale ndi ntchito. Mu Januwale 2000 khonsolo ya Perumatty inapereka chiphaso, ndipo mu Malichi chaka chomwecho mabotolo oyamba anatuluka. Palibe amene anatsutsa. Khonsolo inkayembekezera msonkho, achinyamata ankayembekezera ntchito.

Mkati mwa mpanda, kampaniyo inakumba mijigo isanu ndi umodzi yozama, kuwonjezera pa zitsime ziwiri zikuluzikulu zosavundikira, n'kuikamo mapampu a magetsi. Kuchuluka kwa madzi amene ankapopedwa patsiku kunakhala mkangano waukulu m'zaka zotsatira. Kampani inkanena za malita pafupifupi 500,000, pamene anthu a m'mudzi ndi owathandiza ankati ankaposa miliyoni imodzi. Ngakhale titatenga chiwerengero cha kampani, amenewo ndi madzi odzaza ndowa 25,000 za malita 20 tsiku lililonse, kuchokera pa malo amodzi. Ndipo si onse amene ankalowa m'botolo. Ambiri ankatsukira mabotolo ndi makina, kenako n'kutuluka ali oipa.

Pansi pa dera limeneli pali thanthwe lolimba. Madzi sakhala m'nyanja ya pansi monga ena amaganizira, koma amasungika m'dothi ndi m'miyala yofumbutuka ya pamwamba, ndiponso m'ming'alu ya thanthwelo. Zitsime za pamanja zimatunga a pamwambawo. Mjigo wozama umafika m'ming'alu, ndipo ukamapopa mosalekeza, madzi a pamwamba amatsetserekera pansi kulowera kumene akukokedwa. Zili ngati anthu ambiri akumwera mumtsuko umodzi, aliyense ndi bango lake: wa bango lalitali ndiye amamwa mpaka pansi, anzakewo n'kutsala akuyamwa mphepo. Mpanda wa fakitale unkatchinga anthu ndi ziweto, koma madzi a pansi pa nyumba za oyandikana nawo ankadutsa popanda chowaletsa.

Sipanapite nthawi yaitali anthu asanaone kusintha. Madzi a m'zitsime anayamba kuwawa ndi kuoneka otuwa. Mpunga wophikidwa ndi madziwo unkasasa pa maola ochepa. Osamba ankadandaula za kuyabwa kwa khungu ndi kuwawa kwa maso. Atayezedwa, madziwo anapezeka ndi mchere ndi miyala yosungunuka yochuluka kuposa muyezo, ndipo mu 2003 akuluakulu a zaumoyo m'boma la Palakkad analengeza kuti madzi a m'zitsime zina zoyandikana ndi fakitale sanali oyenera kumwa. Amayi anayamba kulawirira m'mamawa kukatunga madzi mtunda wa makilomita angapo. Kwa munthu waganyu, m'mawa umene wathera kumadzi ndi tsiku limene sanalandire malipiro.

Panalinso nkhani ya matope. Fakitale inkatulutsa matope okhuthala, otsalira poyeretsa madzi ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo inkawagawira alimi ponena kuti ndi manyowa abwino. Alimi anawathira m'minda yawo ndi mtima woyera. Ena anangotayidwa m'mbali mwa ngalande ndi misewu, kumene mvula inkawakokolola.

Mmodzi mwa amene chitsime chawo chinawonongeka anali mayi Mayilamma, a fuko la Eravalar, mayi wamasiye wa m'kamudzi ka Vijayanagar kamene kanali pafupi ndi mpanda wa fakitale. Sanapite patali ndi sukulu, ndipo moyo wawo wonse anali waganyu. Iwo ndiwo anadzakhala nkhope ya nkhondoyi. Anali ndi zaka zoposa 60 pamene m'bindikiro unkayamba, ndipo ankapezeka pachisakasa pafupifupi tsiku lililonse. Mwambo wotsegulira m'bindikirowo unatsogoleredwa ndi mayi C. K. Janu, mtsogoleri wodziwika wa anthu a Adivasi ku Kerala, amene panthawiyo anali atangotsogolera zionetsero zofuna malo kwa mafuko opanda minda. Abambo monga a Velur Swaminathan ndi a Vilayodi Venugopal anathandiza kukhazikitsa komiti yoyendetsa zionetserozo.

Chaka choyamba chinali chowawa. Zipani zikuluzikulu za ndale zinawayang'ana ndi diso lakumbali, mabungwe a anthu ogwira ntchito ankaopa kuti mamembala awo achotsedwa, ndipo apolisi ankabwera kudzateteza chipata cha kampani. Mu Juni 2002 anthu ambiri anamangidwa, amayi ali m'gulu lomwelo. Mudzi weniweniwo unagawikana, pakuti panali mabanja amene mwana wawo ankagwira ntchito mkatimo pamene mayi ake ali pachisakasa panja. Kampani inkakana mlandu wonse. Inkati vuto ndi chilala, pakuti mvula inali itagwa mochepa zaka zotsatizana, ndipo inkaonetsa maiwe amene inakumba okololera madzi a mvula. Za chilalazo sinkanama. Funso linali lakuti, m'chaka cha chilala, ndani ayenera kuyamba kuchepetsa, mayi wa ndowa imodzi kapena mwini mijigo isanu ndi umodzi.

Apa m'pamene khonsolo inalowa m'nkhaniyi, ndipo kuti timvetse mphamvu zake tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Mu 1992 dziko la India linasintha malamulo ake aakulu kuti makhonsolo a kumidzi, otchedwa panchayat, akhale maboma enieni osankhidwa ndi anthu. Kerala inakhazikitsa lamulo lake la makhonsolo mu 1994, ndipo kuyambira 1996 inapita patali kuposa zigawo zina popereka ndalama ndi mphamvu za chitukuko kumidzi. Lamulolo linapatsa khonsolo udindo wosamalira zitsime, maiwe ndi malo ena otungako madzi akumwa, komanso mphamvu yopereka kapena kukana chiphaso cha fakitale. Koma silinanene mwachindunji kuti khonsolo ingaletse mwini malo kupopa madzi a pansi pa malo ake. Pa mpata umenewu m'pamene mlandu wonse unadzazungulira.

Mu Epulo 2003, patatha pafupifupi chaka anthu ali pachisakasa, khonsolo ya Perumatty motsogozedwa ndi wapampando wake, a A. Krishnan, inagwirizana kuti sidzawonjezera nthawi ya chiphaso cha kampaniyo. Mu Meyi inachithetseratu. Chifukwa chimene inapereka chinali chomveka kwa aliyense: kupopa madzi mopyola muyezo kwadzetsa kusowa kwa madzi akumwa, ndipo khonsolo ili ndi udindo woteteza anthu ake. Sichinali chinthu chopepuka. Khonsolo ya kumudzi imene ndalama zake n'zochepa inali kudzidulira yokha msonkho wa fakitale yaikulu koposa m'dera lake. Ena amati andale a chipani cha Janata Dal, chimene chinkalamulira khonsoloyo, anangotsatira mphepo ataona kuti anthu atembenuka. Ngakhale zitakhala choncho, khonsolo yomvera anthu ake itachedwa iposa imene siwamvera n'komwe, ndipo chiyambire tsikulo Perumatty sinabwererenso m'mbuyo.

Kampani inathamangira kubwalo lalikulu la milandu la Kerala, limene linaitumiza ku unduna woyang'anira maboma aang'ono. Undunawo unaimitsa chiganizo cha khonsolo, ponena kuti yapyola malire a mphamvu zake. Khonsolo nayo inatemetsa nkhwangwa pamwala, n'kukasumira boma lake lomwe.

Mlandu uli mkati, thandizo linachokera kumene anthu sankaliyembekezera. Mu Julayi 2003 wailesi ya BBC, m'pologalamu yake ya Face the Facts, inaulutsa zotsatira za matope aja, amene anayezedwa ku yunivesite ya Exeter ku Britain. Munapezeka cadmium ndi mtovu, zitsulo za poizoni zimene zimaunjikana m'thupi pang'onopang'ono n'kuwononga impso, mafupa ndi ubongo wa ana. Mwezi wotsatira, bungwe la Kerala loona za kuwonongeka kwa chilengedwe linayeza lokha n'kupeza cadmium wopitirira mamiligalamu 200 pa kilogalamu imodzi ya matope, kuwirikiza kanayi muyezo wa mamiligalamu 50 umene zinyalala zimayamba kutchedwa zoopsa. Linalamula kuti kampani isiye kugawa matopewo. N'zomvetsa chisoni kuti zimene alimi ndi amayi ankanena kwa zaka ziwiri zinayamba kumveka pokhapokha atazinena akatswiri a kutsidya la nyanja.

M'mwezi womwewo wa Ogasiti, bungwe la Centre for Science and Environment la ku Delhi, lotsogoleredwa ndi mayi Sunita Narain, linalengeza kuti lapeza mankhwala ophera tizilombo m'zakumwa zoziziritsa kukhosi za Coca-Cola ndi Pepsi zogulitsidwa m'dzikomo. Nkhaniyi sinali ya Plachimada, koma inachititsa kuti anthu a m'mizinda, amene amagula zakumwazo, ayambe kutchera khutu ku mudzi umene sankaudziwa.

Lamulo limene kampani inkadalira linali lakale kwambiri, ndipo linabadwira ku England. Mu 1843, pa mlandu wa Acton ndi Blundell, mwini fakitale ya thonje anadandaula kuti chitsime chake chaphwa chifukwa cha mgodi wa malasha umene mnansi wake anakumba. Bwalo linagamula kuti palibe mlandu: mwini malo ali ndi ufulu pa zonse za pansi pa malo ake, ndipo ngati chitsime cha mnzake chauma, limenelo ndi tsoka chabe. Oweruza a nthawiyo ankaona kuti kayendedwe ka madzi a pansi n'kobisika kotero kuti lamulo silingakatsate. Atsamunda anatengera ganizoli ku India, ndipo linalowa m'lamulo la Indian Easements Act la 1882. Pamene linkalembedwa, anthu ankatunga madzi ndi chingwe kapena ndi ng'ombe. Pofika 2003 linali likugwirabe ntchito, m'dziko la mapampu a magetsi mamiliyoni. Tanthauzo lake kwa anthu ngati mayi Mayilamma linali lowawa: madzi amatsata malo, choncho wa maekala 34 ali ndi ufulu wa madzi ambiri, ndipo wopanda munda alibe pogwira.

Pa 16 Disembala 2003, woweruza K. Balakrishnan Nair anapereka chigamulo chimene mpaka lero chimaphunzitsidwa m'sukulu za malamulo. Anati madzi a pansi pa nthaka ndi chuma cha anthu onse, ndipo boma ndi nthambi zake, kuphatikizapo khonsolo, amangowasungira anthuwo ngati mlonda. Anatsamira pa ndime 21 ya malamulo aakulu a India, yonena za ufulu wokhala ndi moyo, ndi pa chigamulo cha m'mbuyo cha bwalo la Supreme, lalikulu koposa m'dzikomo, pa mlandu wa M. C. Mehta ndi Kamal Nath, chimene chinakhazikitsa mfundo yakuti pali zinthu zachilengedwe zimene boma silingazipereke kwa munthu mmodzi. Anati lamulo la 1843 linatha ntchito. Kampani ikhoza kutunga madzi ofanana ndi amene mlimi wa maekala 34 angathirire mbewu zake, koma opyola pamenepo ikawafune kwina, ndipo anaipatsa mwezi umodzi. Sanalole kuti khonsolo itseke fakitale. Chimene anavomereza n'chakuti khonsolo ili ndi mphamvu, ndiponso udindo, woletsa kupopa kowononga.

Kampani inachita apilo, koma zinthu zinali zitayamba kuthamanga. Mu Januwale 2004 kuderali kunachitika msonkhano wa mayiko osiyanasiyana wokambirana za madzi, umene kunabwera anthu monga Vandana Shiva wa ku India, Maude Barlow wa ku Canada ndi José Bové wa ku France. Nyuzipepala ya Mathrubhumi, motsogozedwa ndi a M. P. Veerendrakumar, inali itaikokera nkhaniyi patsamba loyamba. Ndiye chilala chinafika poipa. Mu Febuluwale boma la Kerala linalengeza kuti Palakkad ili pa ngozi ya chilala ndipo linaletsa fakitale kupopa madzi mpaka pakati pa Juni, pamene mvula imayamba. Pa 9 Malichi 2004 fakitale inaimitsa ntchito. Aliyense ankaganiza kuti n'kwa miyezi yochepa.

Bwalo la apilo linapempha akatswiri, motsogozedwa ndi bungwe la kafukufuku wa madzi la ku Kozhikode, kuti ayeze madzi a m'deralo. Lipoti lawo linati gwero lalikulu la vutoli linali kuchepa kwa mvula, ngakhale linavomereza kuti kupopa kosaletseka m'nyengo ya chilala kunawonjezera mavuto. Linati m'chaka cha mvula yabwino kampani ikhoza kutenga malita 500,000 patsiku, ndipo mvula ikachepa, muyezowo uzitsika. Pa 7 Epulo 2005 oweruza awiri, M. Ramachandran ndi K. P. Balachandran, anagubuduza chigamulo cha mnzawo. Anati munthu ali ndi ufulu wotunga madzi pa malo ake malinga ngati sakupyola muyezo, ndipo khonsolo inalakwa kukana chiphaso ilibe umboni wa sayansi. Analamula kuti chiphaso chiperekedwe.

Chigamulochi chili ndi polakwika poonekeratu. Akatswiri anawerengera madzi a dera lonse lalikulu, n'kupeza kuti alipo okwanira kugawira ulimi, nyumba ndi fakitale. Koma mayi wa ku Vijayanagar samwa madzi a dera lonse. Amamwa a m'chitsime chimene chili mamita ochepa kuchokera pa mjigo wa kampani. Lipotilo linayang'ananso kwambiri kuchuluka kwa madzi, osati kuipa kwake, pamene dandaulo la anthu linali la zonse ziwiri. Ndipo kufuna kuti khonsolo ya kumudzi ibweretse kaye umboni wa sayansi isanateteze zitsime zake ndi kuisenzetsa katundu amene ngakhale boma la chigawo linalephera kumusenza pa nthawi yake.

Perumatty inamvera bwalo mwa njira yake. Mu Juni 2005 inapereka chiphaso cha miyezi itatu yokha, chokhala ndi mfundo 13 zoti kampani itsate, ndipo inatengera mlanduwo kubwalo la Supreme ku Delhi. Mu Ogasiti bungwe loona za chilengedwe lija linalamula fakitale kuti isayambenso ntchito, chifukwa kampani inali isanafotokoze mokhutiritsa kumene cadmium ankachokera ndiponso inali isanakonze njira yoyenera yoyeretsera madzi ake oipa. Kumapeto kwa chaka chomwecho, boma linagwiritsa ntchito lamulo la Kerala la madzi a pansi pa nthaka la 2002 polengeza kuti dera la Chittur lapopedwa mopyola muyezo, kutanthauza kuti aliyense wofuna kutunga madzi ambiri ayenera kuyamba wapempha chilolezo. Kampani inali ndi chigamulo cha bwalo m'manja, koma zitseko zina zonse zinali zitatsekeka. Makina sanalirenso.

Mu Ogasiti 2006 boma latsopano la a V. S. Achuthanandan linaletsa kupanga ndi kugulitsa Coca-Cola ndi Pepsi m'chigawo chonse, koma bwalo lalikulu linachotsa chiletsocho mwezi wotsatira. Pa 6 Januwale 2007 mayi Mayilamma anamwalira. Anali atalandira mphotho zaulemu, kuphatikizapo ya magazini ya Outlook, ndipo mbiri ya moyo wawo, imene anafotokoza pakamwa, inalembedwa m'buku ndi Jyothibai Pariyadath. Chipukuta misozi sanachione.

Nkhondo yachiwiri inali ya chipukuta misozicho, ndipo imeneyi anthu a ku Plachimada sanaipambane. Mu 2009 boma la Kerala linakhazikitsa komiti ya akatswiri a zaulimi, zaumoyo, zamadzi ndi zamalamulo, pansi pa mkulu wa boma a K. Jayakumar. Mu Malichi 2010 komitiyo inapeza kuti kampani inawonongadi madzi ndi nthaka, ndipo inawerengera kuti zowonongekazo zinali zosachepera marupi 2.16 biliyoni, pafupifupi madola 48 miliyoni a ku America panthawiyo. Gawo lalikulu, marupi 841.6 miliyoni, linali la zokolola zimene alimi anataya. Marupi 621 miliyoni anali a kuipitsidwa kwa madzi, 300 miliyoni a matenda, ndipo otsalawo anagawidwa pakati pa mtengo wobweretsera anthu madzi ndi malipiro amene aganyu anataya. Coca-Cola inakana lipotilo, ponena kuti komiti inayamba ntchito itagamula kale.

Pa 24 Febuluwale 2011 aphungu a nyumba ya malamulo ya Kerala anavomereza bilu yokhazikitsa bwalo lapadera lomva madandaulo a anthu a ku Plachimada ndi kulamula kampani kulipira. Popeza biluyo inkakhudza nkhani zimene boma lalikulu lilinso ndi mphamvu, inatumizidwa ku Delhi kuti mtsogoleri wa dziko aisainire. Kumeneko inayendayenda m'maofesi a maunduna zaka pafupifupi zisanu. Mu Disembala 2011 ena mwa otsogolera zionetsero, atatopa n'kudikira, analowa mumpanda wa fakitale n'kulengeza kuti ailanda m'dzina la anthu, ndipo anatsekeredwa m'ndende. Kumayambiriro kwa 2016 zinadziwika kuti biluyo yabwezedwa yosasainidwa.

Chifukwa chimene boma lalikulu linapereka chinali chakuti dziko lili kale ndi bwalo loona za chilengedwe, National Green Tribunal, lokhazikitsidwa mu 2010, ndipo chigawo sichingapange lake lapadera. Koma lamulo la bwalo limenelo limafuna kuti wofuna chipukuta misozi adandaule zisanathe zaka zisanu chichitikireni chinthucho. Zitsime za ku Plachimada zinawonongeka pakati pa 2000 ndi 2004. Anthuwo anawalozera khomo limene nthawi yake yolowera inali itatha lisanamangidwe n'komwe.

Chiyembekezo chinatsala kubwalo la Supreme, kumene apilo ya khonsolo inali itagona zaka khumi ndi ziwiri. Akatswiri a malamulo ankadikira kuti bwalolo lisankhe pakati pa zigamulo ziwiri zija, cha 2003 chonena kuti madzi ndi a anthu onse ndi cha 2005 chowabwezera kwa mwini malo, pakuti yankho lake likanakhudza midzi yambirimbiri ya India imene ikulimbirana madzi ndi mafakitale, migodi ndi minda ikuluikulu. Pa 13 Julayi 2017 loya wa Coca-Cola anauza oweruza kuti kampani ilibenso cholinga chotsegula fakitale ya ku Plachimada. Bwalo linaona kuti palibenso choweruza, n'kutseka mlandu. Ku Perumatty anthu anasangalala, ndipo anali ndi chifukwa chosangalalira. Koma pochoka mwa njira imeneyi, kampani inapewa chigamulo chimene chikanaimanga m'malo ena onse, ndipo funso la mphamvu ya khonsolo pa madzi a pansi pa nthaka linatsala losayankhidwa ndi bwalo lalikulu koposa m'dzikomo.

Nyumba za fakitalezo zinakhala zopanda ntchito mpaka 2021, pamene mliri wa Covid-19 unafika pachimake ndipo zinasandutsidwa chipatala chongoyembekezera cha mabedi oposa 500. Mu 2022 komiti ya anthu a m'mudzi inayambiranso m'bindikiro pachipata, ikufuna kuti boma la Kerala likhazikitsenso lamulo la chipukuta misozi. Chaka chotsatira kampani inalembera boma kuti ikufuna kulipatsa malowo ndi nyumba zake kwaulere, ndipo boma linanena zoti lingawagwiritse ntchito pa chitukuko cha alimi. Atsogoleri a komitiyo anakana kuti zimenezi zilowe m'malo mwa ngongole. Iwo anati malo akhoza kupita kuboma, koma marupi 2.16 biliyoni amene komiti ya Jayakumar inawerengera ndi a mabanja amene zitsime ndi minda yawo zinawonongeka, ndipo ayenera kulipiridwa ndi kampani imene inaziwononga.